Chaka Chimene Agogo Anasesa Munda

Khasu limene ndinaphunzirira kulima linali la amayi. Pofika m'manja mwanga linali litatha kale: chitsulo chake sichinkaposa chikhatho cha munthu wamkulu, ndipo mpini unali utada ndi kusalala chifukwa cha thukuta. Kumapeto kwa mpiniwo kunali kachiboo koboola ndi msomali wamoto. Sindikudziwa ngati amayi anaboola kuti azilipachika, kapena anangoboola tsiku lina atasowa chochita. Ine ndinkaikapo diso n'kumayang'ana phiri la Soche. Phiri lonse linkakwana m'kachibooko, ndipo zimenezi zinkandidabwitsa tsiku lililonse.

Amayi anamwalira ndili wamng'ono, ndisanayambe kupita kumadzi. Abambo anali atapita kale ku Halale, ndipo kuchokera kumeneko kunangobwera uthenga wa maliro ndi bulangete lawo. Choncho ndinakulira kwa agogo obala amayi, ku Nancholi. Masiku ano kuli nyumba zothithikana, koma nthawi imeneyo kunali tinyumba towerengeka, minda, ndi kanjira kopita ku Kabula, monga mmene akuluakulu ankatchulira Blantyre. Njanji inali itangofika ku Limbe, ndipo mphepo ikamachokera kum'mawa tinkamva sitima ikulira.

Agogo sanali munthu wa nkhani. Anali munthu wa tsache. Ankasesa m'mawa, ankasesa nkhuku zikadutsa, mvula ikakata ankasesanso kufafaniza mapazi a anthu. Mlendo akaonekera patali, ankayamba asesa njira yonse kenako n'kufunsa kuti ndani. Ine ankangonditchula kuti "iwe". Iwe tenga, iwe choka apo, iwe ukuyang'ananji. Funso lomalizali ndinkalimva kawirikawiri, chifukwa ndinali mwana wosalankhula, wongoyang'ana. Ndinkatha kutaya theka la tsiku ndikulondola nyerere kuti ndione kumene zikupita nalo phiko la chiwala.

Munda wathu unali pawiri. Waukulu unali wa agogo, m'mbali mwa njira. Kuseri kwa chulu chachikulu, kumene odutsa sankaonako, kunali kamunda kena kowonda ngati lamba. Kameneka agogo ankakatchula kuti "munda wa amako". Chaka ndi chaka ankakalima, kukabzala ndi kukapalira, ndipo chimanga chake ankachiika m'kankhokwe kakekake. Sankanena ngati za kale, kuti "unali wa amako". Ankati, "Tiye tikapalire kwa amako," ngati kuti mwini wake wangopita kumtsinje.

Chaka chimene ndikunenachi ndinali nditayamba kusenza mtsuko waung'ono osaugwirira. Mvula inatinyenga. Yoyamba inagwa bwino, tinabzala, kenako kunachita ng'amba mmera n'kupsa. Tinabzalanso ndi mbewu yonse yotsala, ngakhale ija agogo ankaipachika kudenga pamwamba pa utsi. Ulendo wachiwiriwu chimanga chinamera bwino mpaka kundifika m'chiuno. Ndiye kunabwera dzombe.

Linatulukira kuseri kwa Soche masana, ngati utsi wa moto wolusa, koma utsi wonyezimira. Anthu anathamangira m'minda ndi nthambi ndi zitini, akukuwa, ena akuyatsa udzu wauwisi. Ine ndinangoima. Ndikudziwa kuti ndinayenera kuthamangitsa nawo, koma ndinali ndisanaonepo dzuwa likuzima masana. Chimene ndimakumbukira kwambiri ndi phokoso la kudya kwake, tche tche tche, ngati moto ukuyenda m'udzu wouma, mbali zonse. Linakhala masiku awiri. Litanyamuka, m'munda munangotsala timapesi toimirira ngati mivi, nthambi zothyoka, ndi fungo lowawasa la zitosi zake. Tinali titatola lambiri m'mawa likadali lozizidwa ndi mame, tinalifutsa n'kuliyanika. Ndiwo zinalipo zambiri chaka chimenecho. Chosowa chinali chodyera ndiwozo.

Amalume, mlongo wawo wa amayi, ankanyamula katundu pa siteshoni ku Limbe. Anabwera Loweruka, anazungulira munda manja ali kumbuyo, n'kudzakhala pakhonde. Ine ndinali kuseri kwa nyumba ndikuthothola mapiko a dzombe, ndipo ndinamva zonse. Amalume anati kwa amwenye ena a sitolo ku Limbe akufuna kamtsikana kolera mwana. Kumeneko ndizikadya kawiri pa tsiku, ndipo adzandipatsa nsalu.

"Mayi, pakamwa pawiri munda uli chonchi simungathe," anatero amalume. "Mbewu yobwereza muli nayo?"

Agogo anati alibe.

"Ndiye ndibweranso Loweruka. Ikakhala sinapezeke, mwanayu ndimutenga."

Agogo anatenga tsache n'kuyamba kusesa pamene amalume anaponda, eni ake akadali pompo.

Kwa zaka zambiri ndinkawaona amalume ngati munthu wouma mtima. Lero ndikudziwa kuti iwo ndiwo anali mwini mbumba, ndipo kuonetsetsa kuti mwana wa mlongo wawo asafe ndi njala inali ntchito yawo. Mwinanso ku Limbe ndikanaphunzira kusoka ndili mwana. Koma panthawiyo Limbe kwa ine kunali kumene anthu amakwerera sitima n'kubwerako bulangete lokha, ndipo sindinkafuna kupitako.

M'mawa mwake, mapemphero atatha, panja pa tchalitchi chathu chaudzu panaima mesinjala wa Boma, wachisoti chofiira. Anati Boma lamva za dzombe ndipo lithandiza anthu amene minda yawo yadyedwa. Lachinayi kudzabwera mzungu ndi kalaliki wake kudzaona minda. Amene munda wake waonedwa adzapatsidwa kapepala kokatengera mbewu ku Boma, kuti abzalenso mvula isanapite.

Anthu anayang'anana. Boma tinkalidziwa ngati chinthu chobwera kudzatenga: msonkho, nkhuku, amuna okasenza katundu. Boma lopatsa tinali tisanalimvepo. Ena anati ndi msampha wowerengera nyumba. Ena anati mbewu ya mzungu simera kawiri. Ine ndinkadzifunsa kuti Boma limalima kuti, ndipo nkhokwe yake ndi yaikulu bwanji. Agogo pa mawu onse a mesinjala anatolapo amodzi okha: kukubwera alendo kudzaona munda.

Lolemba tambala atangolira kachiwiri tinali kale m'munda. Agogo anati alendo sangaone munda uli ngati padzala. Anazula timapesi tonse, kamodzikamodzi, n'kutiunjika. Anatola nthambi zothyoka. Anaunda matutu mwatsopano, popeza kalelo tinkabzala pamatutu, mizere inabwera pambuyo pake. Madzulo ankatentha milu ija, phulusa n'kulikwirira. Lachitatu anapita kunyumba kukatenga tsache lenileni, n'kusesa m'mphepete monse mwa munda ndi njira yolowera. Anansi athu minda yawo anangoisiya momwemo, osati chifukwa cha kuchenjera ayi, koma manja anali atalefuka. Agogo ankawayang'ana chammbali n'kumati, "Anthu opanda manyazi."

Ine anandipatsa khasu la amayi n'kunditumiza kuseri kwa chulu. "Kwa amako n'kwakung'ono. Pofika Lachitatu ukhale utamaliza."

Ndinayamba ndi mtima wonse. Koma nditazula timapesi tochepa, khasu linafukula kanthu konga chala, komatana ndi dothi. Nditakaphwanya ndinapeza timbewu tachikasu tondondozana bwinobwino ngati mpunga. Ndinakumbukira kuti tsiku lachiwiri la dzombe ndinaona lina litatera m'munsi mwa chulu, likubaya nthaka ndi kumbuyo kwake, mimba ikutalika ngati ikukokedwa. Anali mazira. Ndinayamba kufufuza timabowo tina, ndipo tinali paliponse pamene dothi linali lofewa. Ndinkafuna kudziwa ngati mazira onse ali ofanana kuchuluka, ngati m'kati muli kale miyendo, ngati akhoza kuswa ndikawafunditsa m'manja. Ndinawasonkhanitsa m'phale la mphika wosweka. Masiku atatu anatha chonchi. Lachitatu madzulo agogo atazungulira chulu, anapeza munda wa amayi uli monga dzombe linausiyira, ine nditakhala pakati pake ndi phale pamiyendo.

Sanandimenye. Anayang'ana dzuwa, anaona kuti lapita, n'kunena kuti, "Mawa ukhale konkuno kuseri. Usatuluke, usakhosomole. Alendo asadziwe kuti kuno kuli munda, kapena kuti ndili ndi mwana waulesi."

Lachinayi ndinakwera pamwamba pa chulu n'kugona chafufumimba m'udzu. Kuchokera pamenepo minda yonse ya m'munsi inkaoneka. Alendo anatulukira dzuwa litakwera. Mzungu anali pabulu, nkhope ili psuu, akupukuta khosi ndi kansalu. Kalaliki ankayenda pansi, atavala jekete loyera koma wopanda nsapato, pensulo ili kukhutu. Kumbuyo kunali mesinjala uja.

Ndinawayang'ana munda ndi munda. Pa munda woyamba kalaliki anazula kaphesi, anakaonetsa mzungu, mzungu anagwedeza mutu, kalaliki analemba n'kung'amba kapepala. Pa wachiwiri chimodzimodzi. Pa munda wa bambo wina amene anali atautaya kale osapalira, udzu uli m'mawondo, anaimanso, ndipo bamboyo analandira kapepala akuombera m'manja. Pa munda wa chinangwa umene dzombe silinaudye kwenikweni anangodutsa. Pang'onopang'ono ndinayamba kuona chimene agogo sanachione: alendo awa sankakondwera ndi munda wokongola. Ankafuna woipa.

Atafika kwathu, agogo anali atagwada kale polowera, atavala nsalu yawo yakutchalitchi. Munda unali mbee, matutu ali ndondondo, mikwasa ya tsache ikuoneka m'njira. Mzungu sanatsike n'komwe pabulu. Analankhula mawu awiri atatu, ndipo kalaliki anati, "Bwana akuti mwalima bwino, amayi. Pano dzombe silinafike eti?"

"Linafika. Linadya zonse."

"Nanga mapesi ali kuti?"

"Ndatentha."

"Mwatentha? Mwatentheranji?"

"Kuti alendo aone zinyalala?"

Kalaliki anaseka, kenako kuseka kunamuthera. Anachotsa pensulo kukhutu n'kuibwezeranso. "Amayi inu, mwatani kodi? Ife atituma kudzaona zimene dzombe ladya. Bwanayu salemba chimene sanaone ndi maso. Tsono ndimuonetse chiyani, tsache?"

Analankhula ndi mzungu m'Chingerezi nthawi yaitali ndithu, akuloza phulusa. Mzungu anapukusa mutu n'kukoka chingwe cha bulu. Nditakula ndinadzamvetsa kuti sankachita nkhanza. Ankaopa kuti akalemba munda woyera umodzi, mawa aliyense abwera ndi wake. Koma ndinamvetsanso kuti lamulolo analipanga anthu amene sankadziwa kuti kwathu mlendo sumuonetsa tsoka lako poyera.

Agogo anali akadali chogwada, akuyang'ana pansi. Bulu anayamba kuyenda. Ine ndinaganiza za Loweruka ndi za sitima.

Sindinganene kuti ndinalimba mtima. Mwana sankalankhula pamaso pa alendo. Ndinangotsetsereka pachulu, ndinazula kaphesi kamodzi kodyedwa, dzanja linalo ndinanyamula phale langa la mazira, n'kutulukira panjira kutsogolo kwa bulu. Ndinagwada n'kukweza zonse ziwiri. Kunena zoona, theka la mtima wanga linkangofuna kuti munthu wina andiuze ngati analidi mazira.

"Iwe!" anatero agogo, chapansipansi.

Mzungu anatsika pabulu. Kaphesi sanakasamale. Anatenga phale, anaika galasi lake padiso, n'kuyamba kutembenuza mazirawo ndi kamtengo, mmene ndinkachitira ine. Tsitsi la pamkono pake linali lofiirira ngati ndevu za chimanga, ndipo ankanunkha fodya ndi sopo. Anafunsa kanthu.

"Akuti wazitenga kuti?" anatero kalaliki.

Ndinaloza kuseri kwa chulu.

Onse anazungulira, agogo pambuyo penipeni. Munda wa amayi unali pomwepo ndi manyazi ake onse: timapesi toduka, zitosi za dzombe, maenje amene ndinakumba, khasu lili gone pansi. Kalaliki anapumira m'mwamba ngati munthu watula katundu. "Eya! Munda ndi umenewu," anatero. Mzungu anagwada n'kufukula yekha mazira ena ndi mpeni, kenako anagwedeza mutu.

Kalaliki ananyowetsa pensulo ndi lilime. "Mwini wake ndani? Ndi wanu womwewu, amayi?"

"Si wanga."

"Nanga ngwa yani? Tikufuna dzina la mwini wake, ndipo adzabwere yekha ku Boma mawa."

Agogo anayang'ana munda kuyambira kuchulu mpaka kumapeto, anayang'ana khasu lija, milomo ikugwedera popanda mawu. Bulu anapukusa makutu. Mesinjala anakhosomola. Kalaliki anadikira, ndipo anadikira ndithu, mpaka mzungu anayang'ana wotchi yake. Kenako agogo ananena dzina langa, lonse, limene amayi anandipatsa. Ndinali ndisanalimvepo likutuluka pakamwa pawo.

"Kamwana aka?" anafunsa kalaliki.

"Lembani."

Lachisanu tinalawirira ku Kabula, kapepala kali m'kansalu komangirira m'chiuno mwanga, chifukwa agogo anakana kukagwira. Aka kanali koyamba kuti ndione tauni. Msewu unali matope ofiira, ngolo za ng'ombe zitatitimira, amtengatenga akudutsa ndi mitolo akuimba. Pakhonde la sitolo ina mmwenye wandevu zoyera ankayeza nsalu ndi mkono wake, ndipo ndinasuzumira m'kati kuti ndione ngati muli mwana wofuna womulera. Ku Boma tinakhala pansi kuseri kwa nyumba ya njerwa, pamzere wautali, pafupi ndi mulu wa matumba. Ndinakhumudwa kuona kuti Boma lilibe nkhokwe.

Kutsogolo kwa nyumbayo kunkafika azungu a m'minda ikuluikulu ya fodya ndi khofi, ena pa akavalo, ena pa njinga. Ankalowa pakhomo lalikulu n'kutuluka akupinda kalata m'thumba la malaya. Ndinafunsa agogo kuti iwo mbewu yawo anyamulira muti. Anati nditseke pakamwa. Patapita zaka ndinamva kuti nawonso ankalandira thandizo la dzombe lomwelo, koma lawo linali ndalama, ndipo palibe amene anawafunsa ngati anasesa.

Dzina langa litaitanidwa ndinaimirira, anthu n'kuseka. Kapitawo anamiza chitini m'thumba kawiri n'kukhuthulira m'nsalu yanga. Chinali chimanga cha maso aakulu, choyera kuposa chathu. Ndinaponya njere imodzi m'kamwa kuti ndimve ngati ya Boma imakoma mosiyana. Inali chimanga basi.

Loweruka amalume anatipeza tikubzala. Mbewuyo inali yoyezera kamunda ka kuseri kokha, koma agogo ankaponya ziwiriziwiri m'malo mwa zinayi, ndipo inafika mpaka pakati pa munda waukulu. Amalume anaima pachulu n'kuona kuti sidzakwana chaka. Ananena zimenezo, ndipo sananame.

"Ikwana mpaka pamene ikwanire," anatero agogo osaweramuka. "Koma mwini munda ndi uyu. Boma lalemba. Ukamutenga, upite ukawauze wekha kuti munda wawo wausiya wopanda mwini."

Amalume anaseka mpaka kukhala pansi. "Mayi, Boma lomwe lija mumalithawira kuphiri lija, lero lasanduka mboni yanu?" Anandiyang'ana, anayang'ana khasu limene linali m'manja mwanga, ndipo kuseka kunachepa. Pochoka anasiya kathumba ka mchere pakhonde. Za ku Limbe sanazitchulenso.

Chaka chimenecho tinavutika ndithu. Tinadya mphonda, tinadya dzombe louma mpaka kulida, ndipo anansi anandida ine kwa mwezi wathunthu, chifukwa mzungu uja analamula kuti mudzi wonse ukumbe mazira m'minda n'kuwatentha. Ana anzanga ankandiitana kuti kapitawo wa dzombe. Koma chimanga cha Boma chinabereka, ndipo ndinakulira ku Nancholi mpaka kukwatiwa konko.

Chimene chinkandizunguza mutu masiku amenewo chinali agogo. Ndinkayembekeza kuti andiyamikira, kapena andikalipira chifukwa chotuluka kuseri kwa chulu. Sanachite chilichonse mwa ziwirizi. Kwa masiku angapo sankandiyang'ana kumaso. Kankhokwe kakang'ono kaja anakaphwasula, nsungwi zake n'kusonkhera moto. Chimanga chitamera, m'mawa wina anatenga khasu la amayi pamene linkapachikidwa, analiimika pafupi ndi mphasa yanga, n'kunena kuti, "Dzuka, ukapalire kwako." Mawu akuti "kwa amako" sindinawamvenso mpaka tsiku limene anamwalira.

Ndakhala ndikubwerera m'maganizo ku kanthawi kaja kuseri kwa chulu, pensulo ili m'mwamba, bulu akupukusa makutu, agogo akuyang'ana munda milomo ikugwedera. Tsopano nanenso ndinaikapo mwana m'manda, ndipo ndikudziwa dzina limene linali pamilomo pawo, ndi chimene chinafunika kuti alimeze n'kutchula lina. Koma tsiku limenelo, nditagwada pambali pawo dothi lili m'zikhadabo, ndinkawamvera chisoni pa chifukwa china. Ndinkaganiza kuti ayiwala dzina langa, ndipo ndinatsala pang'ono kuwanong'oneza.